Dzenje Ndi Langa, Malungo Ndi a Mnansi

Kodi munthu angalakwire mnansi wake osamukhudza? Taganizirani za dzenje lotsala poumba njerwa. Mvula ikagwa, udzudzu waukazi wa Anopheles umaikira mazira m'chithaphwimo, ndipo pasanathe masabata awiri ana ake auluka. Udzudzu sudziwa mpanda: ukaluma wodwala, umakasiya tizilombo ta malungo mwa mwana wa khomo lina.

Ena amati matenda ndi chikonzero cha Allah. Zoonadi, koma khasu lokwirira dzenjelo analiikanso m'manja mwathu, ndipo tawakkul sichotsa udindo. M'Chisilamu, ngakhale kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Choncho, potuluka ku Jumu'ah, tipangane tsiku loti mudzi wonse ukwirire maenje. Wosiya lake waphwanya ufulu wa mnansi, ndipo adzafunsidwa pa tsiku la Qiyaamah.