Kodi Mkhristu Wamkulu Amalangizidwa ndi Ndani?

M'mipingo yathu yambiri masiku ano munthu amalangizidwa kawiri kokha: polowa mpingo ndi polowa m'banja. Akaloweza mafunso a Katekisma, nayankha bwino pamaso pa akulu a mpingo, nadya mgonero woyamba, timati watsiriza kalasi. Kuchokera tsiku limenelo, kupatula polowa m'banja, palibenso womukhazika pansi, kufikira atadzalakwa poyera n'kuitanidwa kubwalo la mpingo. Pamenepo amakhala akupita kukayankha mlandu, nthawi ya malangizo itadutsa kalekale.

Makolo athu sankatero. Mtsikana akatha msinkhu anamkungwi ankamulangiza, koma kumeneko kunali kuyamba chabe. Pokwatiwa ankamulangizanso. Akaima, amayi ankasonkhana kudzamuchitira chisamba, kumuuza kasamalidwe ka pakati. Mwana akabadwa panalinso malangizo ake, a mayi ndi a bambo omwe. Ngakhale mfumu, tsiku lolongedwa ufumu, inkakhala chete itazolika, akuluakulu akuiuza kuti isamakondere poweruza, isamazembere akazi a eni, isamadye yokha. Palibe msinkhu umene munthu ankati wakula kuposa mwambo.

Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, analetsa Akhristu awo chinamwali cha kumudzi. Patapita zaka anaona kuti asiya mpata, ana akukula opanda owauza kanthu. M'menemo ndi mmene munabadwira chilangizo cha mpingo, chimene Sinodi ya Nkhoma ikuchitabe kudzera mwa alangizi. Chigwirizano cha amayi, chomwe chinayamba mu 1940, chinali ndi mtima womwewo umene Paulo anauza Tito m'chaputala 2, wakuti amayi aakulu aziphunzitsa achichepere kukhala bwino pakhomo. Akatolika nawo, m'nthawi ya Bishopu Patrick Kalilombe ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, analimbikitsa miphakati kuti Akhristu azikumana m'midzi mwawo, azidziwana, azithandizana. Onsewa anazindikira kuti ulaliki wa Lamulungu wokha sungamukulitse munthu.

Tikafuna kudzitonthoza timati m'mera mpoyamba. Mwambiwo ndi woona, koma tauvulaza. Mlimi amene amati m'mera mpoyamba ndi yemweyo amene amadzuka m'bandakucha kukapalira, kenako kukathira feteleza, kenako kukabandira. Sanena mwambiwo atakhala pakhonde. Ife timaunena kuti tithawe ntchito: mwana anayamba bwino, anaimba kwaya, anabatizidwa, basi zatheka. Kenako timadabwa kuona bambo wa zaka 30 mu mpingo akukanabe kulankhulana ndi mbale wake chifukwa cha malire a munda, kapena mayi wovala yunifolomu yoyera akufesa miseche potuluka m'tchalitchi. Anayamba bwino ndithu. Wowapalira ndiye anasowa.

Agogo anga aakazi anali mlangizi, ndipo sankaopa imvi za munthu. Kunali mkulu wa mpingo wina amene ankatenga ngongole kwa amayi amasiye osabweza. Aliyense ankadziwa, aliyense ankangong'ung'udza. Agogo anapita kwa mkuluyo m'mawa dzuwa lisanakwere, atatenga mnzawo mmodzi. Anakana mpando, nakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe kumene ana sakanamva. Ine ndinawanyamulira chabe Buku Lopatulika, ndipo anandibweza pachipata, koma mawu oyamba ndinawamva. Ataomba m'manja anati, "Abambo, sitinabwere kudzakuimbani mlandu. Tabwera chifukwa ndinu athu, ndipo dzina lanu likununkha kuchitsime." Nkhaniyo sinafike kwa abusa. Chimene ndinaona n'chakuti mwezi wokolola, ngolo ya bambo aja inatula matumba a chimanga pakhomo la mayi wina wamasiye.

Lero ndani angayerekeze? Ukangoyamba, umamva kuti "musandiweruze," kapena "za ine ndi Mulungu wanga zisakukhudzeni." Malangizo a ukwati tawasandutsa bridal shower, kumene mlangizi amapatsidwa mphindi zochepa, zimkuzamawu zili pakamwa, mwini mwambo akumufulumizitsa kuti perekaniperekani ayambe. Mawu amene ankanenedwa monong'ona m'nyumba, lero akunenedwa pamaso pa kamera kuti anthu aseke. Mavesi tikutumizirana pa WhatsApp m'mawa uliwonse, koma foni siingakufunse chifukwa chimene unamukalipira mkazi wako dzulo. Ena akaona kuti kuno ayamba kuwadzudzula amangosamukira kwa mneneri amene amalonjeza madalitso osafunsa za khalidwe. Mlembi wa kalata ya kwa Ahebri, m'chaputala 5, anadandaula za anthu otere, amene nthawi inakwana yoti akhale aphunzitsi koma akufunabe kuphunzitsidwa zoyambirira.

Sindikunena kuti malangizo onse akale anali abwino. Alangizi ena ankauza mkazi womenyedwa kuti banja ndi kupirira, nam'bweza kwa mwamuna wankhanza popanda kumukhazika pansi mwamunayo. Zimenezo zinali zolakwika, ndipo n'chifukwa chake ena amanyansidwa akamva za chilangizo. Koma kulakwa kwake kunali kwakuti ankalangiza mbali imodzi. Amuna ambiri a mu mpingo sanalangizidwepo chilowereni m'banja, ndipo ndiwo amene timawasankha kukhala atsogoleri.

Kukhwima mu uzimu sitikuona pa kutalika kwa pemphero. Timakuona pamene munthu wabweza ngongole asanakumbutsidwe, pamene wagwira lilime lake pamaliro, pamene wapita yekha kukapepesa kwa mpongozi wake. Zoterezi siziphunziridwa m'kalasi ya zaka ziwiri, ndipo munthu sazionera yekha, pakuti diso silidziona. Pamafunika wina wokudziwa bwino, amene ungamulole kukuuza zowawa iwe osakwiya.

Inu akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, atsogoleri a miphakati: ana mukuwalangiza, tikuthokoza. Tsopano sankhaninso alangizi a anthu akuluakulu, amuna ndi akazi, oti aziyendera mabanja mlandu usanabuke. Ndipo akadzagogoda pakhomo panu, muwayalire mphasa.