Kodi chimene lamulo lalola ndiye kuti n'chabwino?

Amayi anzanga, tsiku lina madzulo ndikusenda mbatata pakhonde, mdzukulu wanga wa Fomu 3 adandifunsa funso londiumitsa pakamwa. Adati: "Agogo, boma lidavomereza chamba. Nanga inu mukamanenabe kuti n'choipa, mukuposa boma nzeru?" Ndidamukalipira, iye n'kukhala chete. Koma usiku tulo tidandisowa, pakuti ndidadziwa kuti ndangomutseka pakamwa, funso lake sindinaliyankhe.

Tiyambe ndi zoona zake. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba chopangira mankhwala, cha kafukufuku, ndi chogwiritsa ntchito m'mafakitale, monga popanga zingwe, nsalu ndi mafuta. Wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Lamulolo silidalole kusuta, ndipo wopezeka ndi chamba popanda chiphaso amamangidwa. Choncho mwanayo adamva mbali imodzi yokha.

Komabe kumuuza kuti "apolisi akumanga" n'kumanga nyumba pamchenga, chifukwa malamulo amasintha. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukasaka ntchito, khoti lalikulu lidagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chosuta chamba m'nyumba mwake. Ngati chifukwa chokhacho chimene tidampatsa mwana ndi kuopa apolisi, akadzafika ku Joni chidzamuletse n'chiyani? Ubongo wake sudzasintha pamene basi yawoloka malire.

Taganizirani za fodya. Ndi wololedwa, waphunzitsa ana athu ambiri ndi kutibweretsera ndalama zakunja, koma palibe mayi amene amayatsira mwana wake ndudu poti boma silikuletsa. Lamulo limaika malire a zimene boma lingalange. Silitiuza zonse zimene munthu wanzeru ayenera kupewa. Ntchito imeneyo ndi ya chikumbumtima, ndipo chikumbumtima chimaphunzitsidwa pakhomo.

Nanga chifukwa chenicheni n'chiyani? M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene amaledzeretsa. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo woyamba kusuta ali wamng'ono, makamaka wosuta tsiku ndi tsiku, amakhala pachiopsezo chachikulu chozolowera kosatha kuleka, choiwalaiwala m'kalasi, ndi chodwala matenda a maganizo. Tisanamize ana kuti aliyense wosuta amapenga, pakuti iwo amawadziwa anzawo osuta amene akuyenda bwinobwino, ndipo akatigwira bodza kamodzi sadzatikhulupiriranso. Tiwauze zoona: ena amapulumuka, ena amathera ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo palibe amene amadziwiratu kuti iye adzakhala mbali iti.

Funso lomweli lili ndi nkhope ina imene sitiyenera kuithawa. Ngati chololedwa sichikhala chabwino nthawi zonse, ndiye kuti chilango cha lamulo nachonso sichikhala cholungama nthawi zonse. Mu 2022 khoti lina ku Blantyre lidalamula mnyamata wina kukhala m'ndende zaka 8 atapezeka ndi chamba chambiri, pamene mkulu wina wa kampani yaikulu, amenenso adapezeka ndi mlandu wa chamba, adangolipira chindapusa. Anthu adadandaula kwambiri, ndipo khoti lalikulu lidachepetsa chilango cha mnyamatayo kufika zaka 3. Taganiziraninso mlimi wa kumapiri a ku Nkhotakota amene sangakwanitse mtengo wa chiphaso: iye akalima ndi chigawenga, wandalama akalima ndi wotukula dziko. Ana athu amaziona zimenezi, ndipo akaona kuti lamulo lili ndi tsankho amayamba kunyoza ngakhale malangizo abwino.

Ena adzati ndikufewetsa mlandu. Iyayi. Wogulitsa chamba kwa ana asukulu alangidwe ndithu. Koma mwana wogwidwa ndi kandudu kamodzi akatsekeredwa limodzi ndi mbava, n'kutaya sukulu, tachiza chiyani? Mwana wotere akufunika uphungu, chipatala, ndi khomo losamutsekera kunja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi amene mwana wake wakodwa tisamamunong'oneze kumbali, timuyendere.

M'mawa mwake ndidamuitana mdzukulu uja, ndidapepesa pomukalipira, ndipo tidakambirana mpaka tiyi adazizira. Sindidamutchulire apolisi. Ndidamuuza za mutu wake, umodzi wokhawo umene ali nawo, umene akuyembekeza kulembera mayeso a Fomu 4. Kuongola mtengo mpoyamba, amayi anzanga. Mwana wanu akadzakufunsani funso lomweli, musathamangire kukalipa monga ndidachitira ine; khalani naye pansi, mumuyankhe.