Mtengo wa Masekondi 30

Pa 11 February 2024 mumzinda wa Las Vegas ku America munachitika Super Bowl, masewero omaliza a mpira wa kumeneko, uja osewera amathamanga nawo m'manja atavala zisoti. Timu ya Kansas City Chiefs inagonjetsa San Francisco 49ers ndi mapointi 25 kwa 22, anthu oposa 120 miliyoni akuonera pa kanema. Kampani yofuna kutsatsa malonda ake pakati pa masewerowo inkalipira pafupifupi madola 7 miliyoni pa masekondi 30 okha.

Eni makampaniwo sataya ndalama mwachisawawa. Amadziwa chimene akugula. Akugula maso a munthu amene wakhala pampando, kuti akamadzuka azimva ngati galimoto yake yakalamba, foni yake ndi yochititsa manyazi, ndipo chisangalalo chili m'botolo la mowa. Anawerengetsa bwino n'kupeza kuti theka la mphindi ndi lokwanira kudzala chilakolako mumtima.

Tisanamizane, ambirife timakonda masewero, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Kulimbitsa thupi ndi kugwirizana kwa osewera ndi zinthu zabwino. Koma Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti chilichonse, ngakhale chabwino, chikapitirira muyeso chimasanduka gwero la zoipa. Bwalo la Allegiant, momwe munachitikira masewerowo, linamangidwa ndi madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo 750 miliyoni mwa ndalamazo zinachokera ku msonkho wa zipinda za m'mahotela. Olemera anabwera pa ndege zawozawo. Ena anabetcha ndalama pa zinthu zachabechabe, monga mtundu wa chakumwa chomwe osewera adzathire mphunzitsi wopambana. Mumzinda womwewo muli anthu osowa pokhala amene amagona m'ngalande za pansi pa nthaka zotayira madzi a mvula. Tikamanena kuti kulemera kopitirira ndi umphawi wadzaoneni ziyenera kutha, chithunzi chake n'chimenechi.

Kuloza chala ku America n'kosavuta. Chovuta ndi ichi: pemphero lalifupi lija timanena tsiku lililonse pakati pa masana ndi kulowa kwa dzuwa, lochitira umboni kuti Mulungu anatilenga kuti timudziwe ndi kumupembedza, limatenganso masekondi ngati 30 omwewo. Wamalonda amalipira mamiliyoni kuti apeze nthawi imeneyi mumtima mwa munthu. Ife taipatsidwa ulere, komabe dzuwa limalowa tisanapemphere, kenako n'kumati tinatanganidwa. Pomwe mpira wa mphindi 90 timauonera wonse, ndi nthawi yowonjezera yomwe.

Tisanapitirire ndi phunziro la lero, aliyense akumbukire chinthu chimodzi chomwe anachilakalaka mwezi uno chifukwa choti anachiona chikutsatsidwa pa kanema kapena pa foni. Kodi asanachione, ankadziwa n'komwe kuti akuchisowa? Tikambirane awiriawiri.