Kodi Nyengo ya Mlembi Ingamuchotsere Mlandu wa Tsankho?

Buku la Joseph Conrad lotchedwa Heart of Darkness, lomwe linayamba kusindikizidwa m'magazini ya Blackwood's mu 1899, limatamandidwa kuti linadzudzula utsamunda, ndipo chitamandocho chili ndi maziko, pakuti Conrad anafika ku Congo mu 1890 n'kudzionera yekha nkhanza za ulamuliro wa Mfumu Leopold II ya ku Belgium, yomwe inkatenga dzikolo ngati chuma chakechake. Komabe mu 1975 Chinua Achebe, polankhula pa University of Massachusetts, anaweruza kuti bukuli ndi latsankho, kutanthauza kuti limayesa kufunika kwa munthu potengera khungu lake.

Umboni uli m'bukumo. Anthu akuda alibe mayina, salankhula zomveka kupatula m'malo owerengeka, ndipo kawirikawiri amangooneka ngati manja, miyendo ndi maso m'thengo la m'mbali mwa mtsinje, pamene Marlow, yemwe akusimba nkhaniyo, ndi Kurtz, wogula minyanga ya njovu, apatsidwa mbiri, maganizo ndi chikumbumtima. N'zoona kuti Marlow akumva chisoni poona amuna omangidwa unyolo m'khosi ndi ena atagona pansi pa mitengo kudikira imfa, koma chisoni pachokha sichitanthauza kuvomereza umunthu wa wina, poti munthu amatha kumvera chisoni bulu wokwapulidwa pangolo popanda kumuyesa mbale wake.

Oikira kumbuyo Conrad amati iye anali mwana wa nyengo yake, choncho asaweruzidwe ndi muyeso wa lero. Akatswiri a chikhalidwe, omwe amasanthula chabwino ndi choipa m'zochita za munthu, amavomereza kuti kusadziwa kumachepetsa mlandu, koma pokhapokha ngati munthuyo analibe njira yodziwira. Njirayo inalipo. M'chaka chomwecho cha 1890 George Washington Williams, munthu wakuda wa ku America, anayenda ku Congo komweko n'kulembera Leopold kalata yapoyera yomuimba mlandu, ndipo mu 1897 Joseph Booth, mmishonale wachizungu yemwe John Chilembwe anakhala naye, anasindikiza Africa for the African. Nyengoyo inali ndi mawu ambiri, ndipo aliyense ankasankha oti amvere.

Nkhaniyi sinathere m'mashelefu, chifukwa chithunzi chomwe mabuku otere anazika, cha munthu wakuda ngati woyandikira nyama, n'chomwe ochemerera mpira ena ku Valencia anatulutsa mu 2023 ponyoza wosewera mpira Vinícius Júnior ngati nyani, mpaka atatu mwa iwo kugamulidwa miyezi 8 m'ndende mu 2024.

Kuchotsa bukuli m'masukulu kungakhale kufufuta umboni. Liwerengedwe ndithu, koma ngati mboni ya mmene Ulaya ankaonera Afirika, pambali pake pali buku la Achebe la 1958 lotchedwa Things Fall Apart, momwe Okonkwo ali ndi dzina, banja ndi zolakwa zakezake.