Kodi Mulungu amafuna ntchito yopanda chilema?

Masiku ano ku Balaka ndi m'midzi ya kwa Nsamala ukwati sukoma popanda wojambula kanema. Kwaya ikatulutsa nyimbo imafuna kanema, chinkhoswe nachonso chimodzimodzi. Ojambulawo ndi ana athu omwe, ndipo sitidabwa, pakuti dera lino ndi la aluso kuyambira kale. Kuno ndi kwawo kwa Alleluya Band, kwa Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, ndipo wailesi ya kanema ya Luntha ili pa Balaka pomwepa.

Pakati pa ana amenewa pali wina amene amatizunguza mutu. Amajambula bwino kuposa anzake onse, koma kanema wake satuluka. Miyezi itatu imatha, isanu imatha, akwati mpaka ayamba kuyembekezera mwana, kanema akadali m'kompyuta. Mukamufunsa akuti pamphindi ina mawu a wansembe sakumveka bwino, kapena dzuwa linawala kwambiri pankhope ya ankhoswe. Eni ukwati amayamba kunena kuti wadya ndalama zawo. Chikhalirecho mwanayo sagona, akungobwereza malo amodzimodzi usiku wonse magetsi akayaka. Funso lathu ndi lakuti: kodi khalidwe limeneli ndi kukhulupirika pa ntchito koyenera kukuyamikira, kapena ndi goli loyenera kumumasula?

Tisanayankhe, tiyambe tamudziwa mwanayo. Madokotala ndi aphunzitsi amatiuza kuti ubongo wa anthu ena umagwira ntchito mosiyana ndi wa ambiri, ndipo amabadwa choncho. Pali amene zilembo zimawasokonekera powerenga ngakhale ali anzeru, ndipo vutoli amalitcha dyslexia. Pali amene sakhazikika pa chinthu chimodzi, amaiwala msanga, koma chikawakoka mtima amachigwira mpaka kuiwala kudya. Amenewa amati ali ndi ADHD. Pali enanso a autism, amene phokoso limawapweteka, kusintha kwa dongosolo kumawasautsa, ndipo maso awo amaona tinthu ting'onoting'ono timene ena sationa. Zimenezi si kulodzedwa, si ziwanda, komanso si kulephera kwa mayi polera. Si aliyense wosamaliza ntchito amene ali m'gulu limeneli, koma ambiri a m'gululi amalidziwa bwino goli tikunenali.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Mwana wotere amakula akumva mayina: waulesi, mbuli, wozerezeka, wosamva. Kusukulu amasekedwa akalephera kuwerenga pamaso pa anzake, kunyumba amakalipiridwa akaiwala chimene anamutuma kumsika. Tsono tsiku lina amapeza chinthu chimodzi chimene amachitha, monga kamera. Pamenepo mumtima mwake amalumbira kuti pa ichi chokha munthu asadzamusekenso. Kanema aliyense amasanduka mlandu umene ayenera kuwina. Kuonetsa ntchito yokhala ndi kachilema ngakhale kamodzi kumakhala ngati kuvomera kuti mayina aja anali oona. Kunja zimaoneka ngati khama, koma m'kati muli mantha.

Tikudziwa kuti ena mwa inu muli kale ndi mavesi otitsutsa nawo, ndipo si mavesi opepuka. Pa Levitiko 22 Aisraele analamulidwa kupereka nsembe ya nyama yopanda chilema. Mneneri Malaki, m'mutu woyamba, anadzudzula ansembe chifukwa cholandira paguwa nyama zakhungu ndi zotsimphina. Ndipo pa Mateyu 5:48 Ambuye athu akutiitana kuti tikhale angwiro. Nanga ife ndani kuti tiuze mwana kuti apereke ntchito imene iye akuiona kuti ili ndi banga?

Koma tiyeni tiwerenge mofatsa. Anthu amene Malaki anawadzudzula anali ndi nkhosa zabwino m'khola, nazibisa, n'kupereka zodwala. Tchimo lawo linali kumana. Mwana wathu uja sakumana kanthu, wapereka tulo take ndi mphamvu zake zonse, kungoti nsembe yake siifika paguwa. Ndipo ungwiro wa pa Mateyu 5 ukubwera pamapeto pa chiphunzitso cha kukonda adani ndi cha Mulungu wogwetsa mvula kwa olungama ndi osalungama omwe. Liwu la Chigiriki limene lili pamenepo limanena za chinthu chokhwima, chofika pamene chimayenera kufika. Bango lakupsa likhoza kukhala ndi chipsera pakhungu, koma lakhwima ndipo lidyedwa. Likakhalitsa mumtengo podikira kuti chipsera chichoke, liwola.

Fanizo limene likumukhudza kwambiri mwanayu ndi la matalente pa Mateyu 25. Kapolo wachitatu sanabe ndalama ya mbuye wake, sanaimwere mowa. Anaikwirira pansi, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi mantha: ankaganiza kuti mbuye wake ndi wouma mtima. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kanema wokhala m'kompyuta miyezi isanu ndi talente yokwiriridwa. Komabe ife amayi tisathamangire kuloza chala kapoloyo tisanafunse kuti anamuphunzitsa ndani kuti mbuye ndi wouma mtima chotero. Mwana amayamba kumuganizira Mulungu molingana ndi nkhope za akuluakulu amene anamulera.

M'ntchito ya mafilimu momwemo muli chitsanzo chotithandiza. Steven Spielberg wa ku America, mmodzi mwa opanga mafilimu otchuka kwambiri padziko lonse, anaulula mu 2012 kuti ali ndi dyslexia, ndipo anazidziwa ali ndi zaka pafupifupi 60. Ali mwana anachedwa zaka ziwiri kudziwa kuwerenga poyerekeza ndi anzake, ndipo ankasekedwa. Mu 1974, ali ndi zaka 27, ankajambula filimu yotchedwa Jaws, ya chinsomba cholusa cha m'nyanja ya mchere chimene amati shaki. Anamupangira zinsomba zamakina, koma zikalowa m'madzi amchere zinkangowonongeka. Ntchito imene anaikonzera masiku 55 inatenga masiku 159. Poona kuti makinawo sangadalirike, iye anasintha nzeru: m'malo ambiri sanachionetse chinsombacho, anangoonetsa madzi, miyendo ya osambira ndi migolo yoyandama, kwinaku nyimbo ikugunda. Filimuyo itatuluka mu 1975, anthu anaopa kwambiri chinthu chimene sankachiona. Chimene chinkaoneka ngati kuwonongeka kwa ntchito ndicho chinaikometsa.

Pali china pa nkhaniyi chimene chiyenera kutikondweretsa ife amayi. Amene anadula ndi kulumikiza zithunzi za filimu imeneyi anali mayi wachikulire, Verna Fields, ndipo analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha ntchitoyo. Mnyamata waluso uja anali ndi munthu wina pambali pake wothandiza kusankha chotsala ndi chotayidwa. Filimu sipangidwa ndi munthu mmodzi. Ngakhale Mose, atadandaula pa Eksodo 4 kuti ndi wolemera lilime, Mulungu sanamuwongole lilimelo, anamupatsa Aroni.

Kwathu kuno nakonso mafilimu amene tikunyadira anapangidwa ndi anthu amene sanadikire kuti zonse zikhale m'malo. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, dziko lino lilibe sukulu ya mafilimu yoti n'kuitchula kapena ndalama zochuluka za ntchitoyi. Filimu yake ina, The Road to Sunrise ya 2017, ndiyo inakhala yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Siinasankhidwe, koma inafika kumene ina ya kwathu inali isanafikeko. Joyce Mhango Chavula, mayi mnzathu, anapambana mphoto ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe.

Pano pasakhale kusamvana. Sitikunena kuti ntchito yamphwayi ndi yabwino. Wojambula amene wafika mochedwa paukwati, batire ili yosatchaja, n'kuphonya malumbiro, ameneyo ayenera kudzudzulidwa. Ndiponso eni ukwati amene analipira ali ndi ufulu wolandira kanema wawo pa nthawi yake. Kusunga lonjezo ndi mbali ya chilungamo, ndipo luso silichotsa ngongole imeneyi. Ndiye chifukwa chake tikuti kumusiya mwanayo m'goli lake si chifundo. Akufunika munthu womukonda amene angakhale naye pansi tsiku logwirizana likayandikira, n'kuonera naye kanemayo kamodzi, n'kumuuza kuti, "Mwanawe, apa pakwana, kapereke." Akufunikanso kuti tsikulo lilembedwe poonekera, ntchito igawidwe m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo wina azimukumbutsa kudya ndi kugona. Kwa ana amene akadali pasukulu, ndi bwino kufunsa aphunzitsi a maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'malo mothamangira kwa asing'anga kapena ku shamu.

Ndipo goli limeneli si la ana okha. M'magulu athu muli amayi a mawu abwino amene sanayambitsepo nyimbo, ndi ena odziwa Baibulo amene amakana kuwerenga phunziro poopa kupunthwa pa dzina lovuta. Amenewa akumbuke mmene Umodzi wa Amayi unayambira. Mu 1876, ku Old Alresford ku England, Mary Sumner anaitana amayi a m'parishi ku nyumba ya wansembe. Atasonkhana, iye anagwidwa ndi mantha kotero kuti sanathe kuyankhula, ndipo mwamuna wake, amene anali wansembe wa parishiyo, ndiye anayankhula m'malo mwake, nawapempha amayiwo kuti adzabwerenso sabata yotsatira. Atabweranso, Mary Sumner anaimirira nayankhula yekha.

Ambiri a ife tinapitako ku Chilema, kufupi ndi likulu la dayosizi yathu ku Malosa, kukachita maphunziro ndi misonkhano. Malowa anatenga dzina ku mtengo wopindikapindika umene uli pamenepo, umene nthambi ndi mizu yake zinakula mosiyana ndi mitengo ina yonse. Mmisiri wa matabwa sangaupatse ulemu, chifukwa sungatuluke thabwa lowongoka. Koma alendo akafika, mtengo umene amapempha kuti akauone ndi womwewo.