Za Khutu Lokonzedwa Lisanayambe Kumva

Abale anga akatekumeni, pa Loweruka Loyera, usiku wa Ubatizo wanu usanafike, wansembe adzakuitanani mmodzimmodzi, nadzakhudza ndi cala khutu lanu lamanja, khutu lamanzere ndiponso milomo yanu. Mwambo umenewu dzina lace ndi Efata, ndipo ucokera pa zimene Ambuye Yezu adacitira munthu wogontha ndi wacibwibwi ku dziko la Dekapoli, monga Marko Woyera asimba m'mutu 7. Koma kwa ambiri a inu tsikulo likali kutali, ndipo ndidziwa zimene zimanenedwa m'njira pobwerera kumudzi: caka caciwiri cikutha, tingobwereza mau amene sitiwamvetsa, mumtima muli zii, bwanji osatibatiza msanga? Ena amaleka kubwera cifukwa ca maganizo otere. Tsono ndifuna tione momwe Mulungu amapangira khutu la thupi, pakuti zolengedwa zace nazonso zimatiphunzitsa.

Khutu limene timaligwira ndi dzanja ndi khomo cabe. Mkati muli kacikopa kopyapyala konga ka ng'oma, kuseri kwace kuli timafupa titatu, ndipo patsogolo pace, mkati mwa pfupa la mutu, muli kacipinda kodzala ndi madzi, kopindika ngati cigoba ca nkhono, kosaposa nyemba kukula kwace. Amene adaphunzira m'Cipwitikizi amakachula kuti cóclea. M'kankhono kameneka mwandandalika tizigawo tamoyo tating'onoting'ono, totchedwa maselo, tokhala ndi tiubweya pamutu, tokwana ngati 15,000 m'khutu limodzi. Alfonso Corti wa ku Italy ndiye adalongosola malo amenewa m'caka ca 1851. Mau akalowa, madzi aja amagwedezeka, tiubweya timapendama, ndipo mitsempha ngati 30,000 imanyamula uthenga kunka nao ku ubongo. Iyi si mitsempha ya magazi iai, koma ya uthenga.

Maselo amenewa adaikidwa mwa dongosolo ngati mano a sansi. Apakhomo la kankhono amamva mau ang'onoang'ono, monga mluzu wa mbusa; a mkati mwenimweni amamva mau akulu, monga kulira kwa ng'ombe. Mtsempha uliwonse uyenera kupeza malo aceace m'khutu, ndi malo aceacenso mu ubongo. Ikasokonezeka, mau onse angokhala phokoso.

Nanga nchito imeneyi imacitika liti? Khutu la mkati limayamba kuumbika pamene pakati pali masabata anai okha, mwina mai asanadziwe n'komwe kuti waima. Pofika mwezi wacitatu kankhono kamakhala katapindika kale, ndipo ca m'mwezi wacisanu kamafika pa msinkhu umene kadzakhale nao mpaka ukalamba. Komabe mwanayo sanayambe kumva. M'caka ca 1983 madokotala awiri a ku America, Birnholz ndi Benacerraf, poyang'ana ana m'mimba ndi makina, adaona kuti kudzidzimuka ndi phokoso kumayamba pa masabata 24 kapena 25, ndi kuti kumakhazikika atapita masabata 28. Ndiye kuti mitsempha imayala njira zace kusanamveke liu lina lililonse loitsogolera.

Apa ndipo pali cozizwitsa. Ana a khoswe amabadwa osamva, nayamba kumva patapita masiku ngati 12. Cotero akatswiri amatha kuyang'ana makutu ao m'masiku a cete amenewo. M'caka ca 2007, Dwight Bergles ndi anzace a pa sukulu yaikulu ya Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, adalengeza zimene adapeza. Pambali pa maselo aubweya pali maselo ena othandiza, gulu lodziwika ndi dzina la Kölliker. Nthawi ndi nthawi othandizawa amatulutsa kamankhwala kochedwa ATP, kamene kamadzutsa kagulu ka maselo aubweya oyandikana. Iwo amatumiza uthenga ku ubongo ngati kuti mau abwera, cikhalireco kunja sikudalowe kanthu. Kenaka kuli bata. Bwino lace kagulu kena kadzuka pa malo ena. Zimabwerezeka motero usana ndi usiku, ndipo mitsempha imene imayenda pamodzi imalimbitsana, pamene tinthambi tosokera timafota ndi kucoka.

Inu amene mumalima mbatata ya kacewere m'madimba a kuno ku Angónia mudziwa zimenezi kuposa ine. Mlimi wanzeru satsegulira mtsinje wonse m'ngalande yatsopano. Amayamba wathiramo madzi pang'ono kuti aone kumene akuthamangira, apa akumbe, apa atseke. Madzi oyesawo sathirira mbeu, koma popanda iwo madzi enieni angakokolole mizere.

Mbale wanga, iwe amene watopa, nthawi ya ukatekumeni ndiyo masiku amenewo. Paulo Woyera adaphunzitsa Akristu a ku Roma, m'mutu 10, kuti munthu amafika pa cikhulupiriro mwa kumva. Koma kumva kumafuna njira yokonzedwa. Pamene ubwereza pemphero la Atate Athu, Kumvera kwa Apostoli ndi malamulo khumi, iwe uyesa kuti sipakucitika kanthu, monga kamwana ka m'mimba sikadziwa kuti khutu lace lili pa nchito. Koma mau amenewo akukumba ngalande mwa iwe. Tsiku lina udzaima pa manda a mwana wako, kapena mnansi adzakulanda munda nakusiya ndi mtima wofuna kubwezera. Pamenepo mau a Mulungu adzafuna poyenda. Akapeza njira, adzafika mumtima. Ndi cifukwa cace Eklezia, pa Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican, adalamula m'caka ca 1963 kuti ukatekumeni wa akulu ubwezeretsedwe ndi makwerero ace, ndipo buku la miyambo yace lidatuluka m'caka ca 1972. Sadacite zimenezi kuti akucedwetseni dala.

Taonaninso kuti selo silidzuka lokha, limadzuka ndi anansi ace. Katekumeni amene amati ndidzaphunzira ndekha kunyumba, ku limana sindipita, ku maliro a Akristu sindipita, akudzinyenga. Ndipo kufota kwa tinthambi tosokera kuli ndi tanthauzo lace. Kuli njira zina zimene mtima udazolowera: kuthamangira ku ula mwana akadwala kuti tipeze womuloza cala, kumvera miseche, kumwa kacasu mpaka ndalama ya feteleza itatha. Izi sizicoka tsiku limodzi. Zimafota pang'onopang'ono, pamene munthu aleka kuziyendera.

Za maselo othandiza aja pali cina cimene cimandikhudza ine monga mphunzitsi wanu. Khutu likayamba kumva, gulu la Kölliker limatha: nchito yace yakwana, malo ace amasintha. Ife akatekista ndi aneneri anu a Ubatizo tili otero. Mphunzitsi amene afuna kuti Mkristu azimvera iye moyo wace wonse, osaphunzira kumva yekha mau a Ambuye, waiwala malo ace. Yohane Mbatizi sadawaiwale. Adalozera ophunzira ace kwa Yezu, iye nacepa.

Fanizo lililonse lili ndi malire. Caulere ca Mulungu si mankhwala a m'thupi, ndipo Iye samangidwa ndi masabata athu. Mbava ija ya pa mtanda idamva pa ola limodzi. Koma kawirikawiri Mulungu amakonda kugwira nchito mwakacetecete, nthawi isanakwane. Yohane yemweyo adatakataka m'mimba mwa Elizabeti pa moni wa Maria, ndipo Luka Woyera atiuza kuti Elizabeti anali atafika mwezi wacisanu ndi cimodzi. M'caka ca 1980 akatswiri DeCasper ndi Fifer adaonetsa kuti khanda la masiku osaposa atatu limasankha mau a mai wace pakati pa mau a akazi ena. Lidawamva kale mumdima, lisanaone nkhope. Usiku wa Pasaka, pamene Eklezia adzakuchulani dzina, mau ace asadzakhale acilendo kwa inu.

Sindingatseke phunziro ili osanenapo za makutu enieni a ana athu. Maselo aubweya aja akafa, mwa munthu saphukanso. Cindoko mwa mai wapakati, nthenda yonga cikuku yochedwa rubela, matenda oumitsa khosi mwa mwana, ndi mankhwala ena amphamvu operekedwa popanda dokotala, zonsezi zingathe kugonthetsa mwana. Cotero amai apakati apite kusikelo msanga, abambo awaperekeze. Jekeseni za kumsika muzikane. Khutu la mwana likatuluka mafinya musathiremo zitsamba, pitani naye kucipatala, ngakhale ku Ulongwe ngati pafupi sadathandizike. Ndipo mwana akabadwa wosamva, musafunefune mfiti, musamubise kuseri kwa nkhokwe. Sadacimwe iye, sadacimwenso makolo ace. Eklezia amabatiza osamva, amawaphunzitsa ndi manja, ndi zithunzi, ndi citsanzo. Ngati m'mudzi mwanu alipo wotere amene sadalembedwe, uzani mkulu wa limana sabata lino, kuti tikambirane ndi abambo ansembe pano pa Lifidzi za momwe tingayambire kumuphunzitsa.