Pikapu Ndi Yako, Koma Msewu Ndi wa Tonse

Ku America anthu ambiri akagula pikapu yaikulu ngati Ford F-150 amaikweza m'mwamba n'kuiveka matayala akuluakulu, ndipo amati ndalama ndi zawo, palibe angawaletse. Koma umwini suchotsa mlandu wa magazi. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, chinkalamula womanga nyumba kuti aike kampanda padenga kuopera kuti munthu angagwe. Nyumba inali yake, komabe moyo wa mlendo unali m'manja mwake. Mu 2023 bungwe lofufuza za ngozi zapamsewu la IIHS linapeza kuti galimoto zokhala ndi boneti yokwera kupitirira mainchesi 40 kuchokera pansi zikagunda woyenda pansi, mpata woti afe umakwera ndi 45 peresenti poyerekeza ndi zazifupi zotsetsereka kutsogolo.

Ena anganene kuti mlimi amafunika mphamvu zokokera ngolo yonyamulira ng'ombe, ndipo akunena zoona. Komatu mphamvuzo zili mu injini, m'mabuleki ndi m'chimango. Kukweza galimoto sikuwonjezera chilichonse pamenepo, kumangoichititsa kupendama pokhota ndi kubisa mwana woima kutsogolo. Wokokera katundu agule yaikulu popanda mantha. Woikweza pofuna kuoneka akusangalatsa mtima wake poika anansi ake pangozi, ndipo kumeneko n'kulakwa.